Alendo Oyamba Ndi a M'nyumba Mwathu

M'nyengo ya masika, chimanga chikakhala pa mikukwe ndipo mtedza ukuuma m'minda, timakhala ndi chizolowezi choyendera alimi amene anaphunzira pano, kuti tikaone ngati zimene tinakambirana m'kalasi zinameradi m'munda. Pa ulendo wina wotere tinafika pakhomo pena dzuwa lili paliwombo. Tisanamalize n'komwe malonje, tinamva nkhuku ikulira kuseri kwa nyumba. Mayi wa pakhomopo anatsegula kabati, natulutsa mbale zamaluwa zimene anayamba wazitsuka fumbi, nayala nsalu yoyera pathebulo. Anatithirira madzi m'manja atagwada, ndipo nsima inafika yovundikira bwino, ikutuluka nthunzi. Tinadya mpaka kukhuta, tikudzimva kuti ndife anthu olemekezeka.

Potuluka kuti tikaone dimba, tinapeza ana anayi atakhala pamthunzi wa nkhokwe, atazungulira kambale kamodzi kapulasitiki kong'aluka, akulimbirana mutu ndi zipalapasiro za nkhuku yomwe ija. Wamng'ono kwambiri, amene anali asanakwanitse zaka zitatu, anali atagwira mbamu youma m'dzanja, pakuti msuzi unatha iye asanasunse kawiri.

Sitikunena izi pofuna kunyoza banja limene linatilandira ndi mtima wonse. Tikunena chifukwa titabwerera madzulo a tsikulo, aliyense wa ife anakasuzumira m'kabati ya kwake, napezamo mbale zofanana ndi zija, zikudikira mlendo amene amabwera mwina kawiri pachaka. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo n'chifukwa chake timafulumira kumuchitira ulemu. Komatu ana athu nawonso ndi mame. Lero ali pakhomo, mawa apita kusukulu yogonera konko, mkuja akwatira kapena akwatiwa kutali. Ambuya amene timawapatsa mkute pakhonde nawonso sadzakhala nafe mpaka kalekale. Nkhani yathu m'kalata ino ndi yakuti ulemu umene timaudziwa kale pochereza alendo tiubweretse pa nsima ya Lachiwiri wamba, ndipo tiona kuti mbali yaikulu ya ntchito imeneyi ili m'manja mwa mlimi.

Luso tili nalo kale

Tiyeni tiwerenge zimene zinachitika pakhomo paja. Pabwalo panasesedwa. Madzi osamba m'manja anabwera pamodzi ndi sopo. Mbale zinali zoyera ndi zosang'aluka. Ndiwo zinali ziwiri, nkhuku ndi nkhwani wotendera. Chakudya chinafika chili chotentha, bambo wa pakhomopo anakhala nafe pansi, anatifunsa za ulendo ndi za kumene tinachokera, ndipo palibe amene anakalipira mnzake ife tikudya. Pa zonsezi, chimene chinatapa chuma cha banjalo ndi nkhuku yokha. Zina zonse zinangofuna mtima ndi mphindi zowerengeka. Chotero tikamadandaula kuti tilibe ndalama zokometsera chakudya cha tsiku ndi tsiku, timakhala tikuganiza za nkhuku, pamene zambiri zimene zinatisangalatsa tsiku lija zinali zosagula.

Ambiri a ife timachitanso zofananazo mlungu uliwonse. Lachisanu, tsiku lokonzekera, nyumba imasesedwa, nyemba zimapsa dzuwa lisanalowe, chikondamoyo chimaphikidwa, ndipo pa Sabata banja limadya pamodzi mosathamanga. Funsani mwana tsiku limene chakudya chimakoma kwambiri, adzatchula tsiku lomwelo, ngakhale kuti ufa wake ndi wa m'thumba lomwe lija limene tinatapamo Lolemba. Chimene chasintha n'chakuti chakudyacho chinaganiziridwa pasadakhale, ndipo onse alipo.

Makolo athu analinso ndi chidyerano. Mayi aliyense ankabweretsa nsima ndi ndiwo zake pamalo amodzi, amuna kwaokha, akazi ndi ana kwaokha, kotero kuti munthu amene kwawo kunaphikidwa therere lokha ankalawanso nyemba za kwa mnzake, ndipo mwana wamasiye sankagona ndi njala anzake atakhuta. Midzi yambiri inasiya mwambo umenewu, ndipo m'matauni monga Chipata ndi Lusaka aliyense amatseka chitseko chake. Sitingathe kubwezera mudzi wonse ku chidyerano, koma banja limodzi likhoza kusunga chimene chinali phata lake, ndicho ndiwo zingapo, anthu onse pamalo amodzi, ndi diso loona amene sanakhute.

Chifukwa chake iyi ndi nkhani ya alimi

Wina angafunse kuti kodi kalata ya zaulimi ikulowereranji m'khitchini. Yankho lili pa msinkhu wa ana athu. Kafukufuku wa dziko lonse wokhudza umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo, makamaka chifukwa cha kusadya moyenera kwa nthawi yaitali ndi kudwaladwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti vuto limeneli sililambalala zigawo zolima kwambiri. Kuno kum'mawa timakolola chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa zodzaza magalimoto, koma ana opinimbira timawaona m'midzi yomweyo imene magalimotowo amachokera.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Nsima imapatsa mphamvu, koma thupi la mwana limamangidwa ndi nyemba, mtedza, mazira, mkaka ndi nsomba, ndipo limatetezedwa ndi masamba ndi zipatso. Mtedza ukagulitsidwa wonse, mazira n'kupita kumsika, ndiwo n'kukhala repu wowiritsa tsiku ndi tsiku, mimba imadzaza ndithu, koma thupi limatsala ndi njala yosaoneka ndi maso. Malangizo a kadyedwe amene boma linatulutsa mu 2021 amagawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo amatilimbikitsa kuti tsiku lililonse tizidya zochokera m'magulu osiyanasiyana.

Palinso china chimene mayi aliyense amachidziwa. Mwana wamng'ono amadya pang'onopang'ono ndipo sachedwa kutengeka ndi masewera. Akamadya m'mbale imodzi ndi akulu ake, ndiwo zimamuthera, monga tinaonera pansi pa nkhokwe paja. Akakhala pafupi ndi munthu wamkulu womulimbikitsa, pamalo aukhondo ndi abata, amadya zambiri. Apa ndi pamene ulemu ndi thanzi zimakumana. Chakudya chooneka bwino, chamitundumitundu, chodyedwa mwamtendere, ndi chomwecho chimene chimakulitsa mwana.

Mbale yokongola imayambira kudimba

Wophika sangaike m'mbale chimene sichinabzalidwe. Njira yapafupi yoyezera chakudya chathu ndiyo kuchiyang'ana tisanadye ndi kuwerenga mitundu imene ikuoneka: kuyera kwa nsima, kubiriwira kwa masamba, kufiira kwa matimati kapena nyemba, ndi chikasu cha dzungu, mbatata kapena papaya. Mitundu imeneyi imakondweretsa maso, komanso imatiuza zimene zili m'kati. Masamba obiriwira kwambiri ndi zakudya zachikasu zili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zimamanga thupi ndi kuthandiza magazi. Mbale ya mtundu umodzi kapena iwiri tsiku ndi tsiku ikutichenjeza kuti munda wathu ndi wa mbewu imodzi.

Chaka cha mlimi chili ndi ndiwo zake mwezi uliwonse ngati tikonzekera. M'dzinja, mvula ikangoyamba, bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha, ndipo popalira tisazizule zonse ngati udzu wachabe. Tingokumbukira kusathyola ndiwo m'munda umene wapoperedwa mankhwala ophera udzu. Maungu ndi khobwe zobzalidwa m'chimanga zimatipatsa nkhwani ndi chitambe kwa miyezi ingapo zisanabale. Kholowa, amene ena amati kalembula, ndi chigwada, chimene ena amati katapa, zimachokera ku mbewu zimene tili nazo kale. M'chisanu ndi m'chilimwe dimba limatenga malo ndi repu, chayinizi, kabichi, kaloti, matimati ndi anyezi. Nzeru yake ndiyo kufesa pang'onopang'ono, bedi limodzi milungu iwiri kapena itatu iliyonse, kuti zonse zisakhwimire pamodzi kenaka banja n'kukhala mwezi wathunthu popanda tsamba.

Kuseri kwa khitchini pakhale kadimba kakang'ono kotchinga bwino, kothiriridwa ndi madzi otsukira masamba ndi mpunga, kuti wophika azingotambasula dzanja. Pakhomo pakhale mitengo ya zipatso. Papaya amayamba kubala patangotha pafupifupi chaka chimodzi, ndipo nthochi, magwafa, mandimu ndi mango zimasinthana nyengo. Mtengo wa chamwamba umapereka masamba ngakhale pamene kwina kwauma.

Pa mbewu za kumunda, tikulimbikitsa kuti banja lililonse liyese kachigawo ka chimanga cha olenji, chimene mbewu zake zoyamba zinavomerezedwa m'Zambia mu 2012. Ena amachikayikira pochisokoneza ndi chimanga chachikasu chimene chinkabwera ngati thandizo m'zaka za chilala, koma ichi chinakonzedwa mwadala kuti chikhale ndi zinthu zopanga vitamini A, ndipo nsima yake imaoneka bwino m'mbale. Mbatata ya olenji m'kati ili ndi ubwino wofananawo, ndipo ana amaikonda chifukwa cha kutsekemera kwake.

Zinthu ziwiri tizichite pa nthawi yake. Choyamba, thumba la mtedza, la nyemba ndi la soya la banja liikidwe padera wogula asanafike pakhomo, pakuti ndalama zikaoneka mtima umafewa. Chachiwiri, tifutse ndiwo pamene zili zambiri, cha m'February ndi March. Tiziwiritse kwa mphindi zochepa chabe, tiziyanike pathandala pamalo amthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limachotsa kubiriwira pamodzi ndi mbali ina ya mavitamini, ndipo zikauma bwino tizisunge m'zikwatu kapena m'chotengera chouma chotsekeka. Mfutso wabwino wotendera mu October umakoma ngati chakudya cha phwando.

Moto, mchere ndi nsinjiro

Ndiwo zabwino zikhoza kuonongekera pamoto. Masamba tiwatsuke tisanawadule, tiwaphike m'madzi ochepa, movundikira, kwa nthawi yochepa, kuti afike m'mbale akadali obiriwira. Madzi otsala mumphika tisataye, pakuti mavitamini ena amasungunukira m'menemo. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, koma zimaononganso mavitamini ena, chotero tizichepetse, ndipo tisazithire m'ndiwo zimene zingapse zokha. Chigwada chokha chimafuna kusinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira kuti ululu wake uthe, ndipo soya naye ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa bwino asanadyedwe.

Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Chotero amayi athu amene ankatendera nkhwani ndi nsinjiro ankachita chinthu chanzeru, ngakhale sankatchula dzina la vitamini. Nsinjiro zodzaza dzanja kapena supuni imodzi ya mafuta zimakwanira mphika wa banja. Koma mtedza tiusankhe tisanausinje. Wonse wachuku, wofota kapena wosintha mtundu titaye kutali, osapatsa ngakhale nkhuku, chifukwa chuku chimenecho chimatulutsa poizoni woononga chiwindi, ndipo poizoniyo satha ndi moto wophikira. Nyemba zikaviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, nkhuni kapena malasha n'kupulumuka. Matimati m'nyembamo, madontho a ndimu pa masamba, kapena gwafa wodya pambuyo pake zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zakudya zimenezi. Mchere ukhale wokhala ndi ayodini, ndipo ukhale wochepa.

Chimene chimatopetsa banja kawirikawiri ndi kaphikidwe kamodzimodzi. Nkhwani yemweyo akhoza kutenderedwa Lolemba, Lachitatu n'kuphikidwa ndi matimati ndi anyezi. Mbatata yomweyo lero yowotcha, mawa ikhale futali. Nyemba zotsala zikhoza kuphwanyidwa n'kusanduka msuzi wokhuthala wa ana. Kapenta wouma akasinjidwa amalowa m'phala la mwana popanda kumubaya pakhosi. Pa nsima, tikumbukire kuti mgaiwa umasunga gaga ndi mtima wa njere, m'mene muli zofunika zambiri zimene ufa woyera umataya. Ndipo nsima ya ufa uliwonse, ikavundulidwa bwino popanda mibulu, n'kuomoledwa ndi chipande chonyowetsa kuti mitanda ikhale yosalala, n'kuvundikiridwa, imauza wakudya kuti wophika anamuganizira. Zipatso zikadulidwa n'kuikidwa m'mbale imodzi kuti onse agawane atatha kudya, zimakhala mbali ya chakudya cha banja, pamene zikangosiyidwa mumtengo amadya ndi okhawo otha kukwera.

Madzi, mphasa ndi nthawi

Mwambo wathu wopatsana madzi osamba m'manja ndi wokongola, ndipo ndiwo umatsegula chakudya. Chofunika kukonza ndi kachitidwe kake. Onse akasamba m'beseni limodzi, kuyambira bambo mpaka mwana wotsiriza, wamng'onoyo amasamba m'litsiro la banja lonse. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu October 2023, n'kuchititsa kuti masukulu achedwe kutsegulidwa kumayambiriro kwa 2024, unatikumbutsa kuti manja amanyamula imfa. Madzi athiridwe kuchokera m'jagi kapena m'chikho, beseni likhale lolandirira pansi, ndipo sopo akhalepo. Ntchito yothirira madzi ana azisinthana, anyamata ndi atsikana omwe, pakuti mnyamata amene waphunzira kuthirira ambuya ake madzi sadzachita manyazi kutumikira banja lake akadzakula.

Malo odyera sayenera kukhala thebulo logula m'sitolo. Mphasa yoyera yoyalidwa pamalo osesedwa, nkhuku ndi agalu zitaingitsidwa, ndi yokwanira. Pamene pali thebulo, chitenje chochapa bwino chikhoza kukhala nsalu yake. Madzi akumwa akhale pafupi m'chotengera chovundikira, aliyense ndi kapu yake. Ndipo mbale zamaluwa zija zitsike m'kabati. Inde, ina idzasweka. Koma mbale yosweka m'manja mwa mwana wathu yagwira ntchito imene inagulidwira, kuposa imene idzagawidwe pamaliro athu isanadyerepo munthu wa m'nyumbamo.

Nthawi nayo ndi ulemu. M'miyezi ya ntchito yambiri kumunda, moto wamadzulo umasonkhedwa mochedwa, nsima n'kupsa cha m'ma 21 koloko, ana aang'ono atagona kale. Amadzutsidwa, n'kudya mbamu ziwiri maso ali otseka, kapena amangosiyidwa. Banja ligwirizane nthawi imodzi, mwina cha m'ma 18 koloko kusanade, ndipo onse aidziwe. Kuti izi zitheke, wophika ayenera kuweruka kumunda msanga, ndipo ena athandize kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusadzula ndiwo. Sichilungamo kuti mayi agwire khasu mofanana ndi bambo mpaka dzuwa kupendeka, kenaka ayambe yekha ntchito yachiwiri ena akupuma. Mwina sitingathe kudyera pamodzi katatu patsiku, koma kamodzi n'kotheka.

Tikudziwa kuti m'makomo ena ulemu sulola kuti mkamwini kapena mtengwa adye pamaso pa apongozi, ndipo mwambo umenewo sitikuutsutsa. Chimene tikupempha n'chakuti bambo asakhale mlendo kwa ana ake, wodya yekha m'nyumba chitseko chitatsekedwa, ana akudikira zotsala panja.

Kagawidwe ka ndiwo

Pogawa ndi pamene chikondi chimaonekera poyera. Tinazolowera kuti zabwino zimayamba kupita kwa bambo. Nthutumba ikhale yawo monga mwa mwambo, palibe vuto. Koma thupi la bambo linamaliza kale kukula, pamene la mwana likumangidwa lero, ndipo zimene mwana waphonya m'zaka ziwiri zoyambirira zimavuta kuzibweza. Chotero mbale yoyamba kupakulidwa ikhale ya mwana wamng'ono, kenaka ya mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ya wodwala ndi ya okalamba. Bambo amene anganene ndi pakamwa pake kuti, "Amake mwana, yambani mwaika za ana," saluza ulemu uliwonse, ndipo ana ake sadzaiwala.

Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Kuyambira pamenepo akhale ndi mbale yakeyake, kuti tione zimene wadya ndi zimene wasiya. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, akupitiriza kuyamwa. Phala lake likhale lolimbirako, losayenderera pasupuni, lothira nsinjiro, dzira, dzungu kapena masamba osinja. Msuzi wokha si ndiwo, mwana alandire ndi nyemba zake zomwe zophwanya. Chikhulupiriro chakuti dzira limavulaza mwana kapena mayi woyembekezera chilibe maziko, ndipo dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zabwino koposa zimene khomo la mlimi lingapereke.

Pali munthu winanso amene amaiwalika, ndiye wophika mwiniyo. Nthawi zambiri amadya womalizira, ataimirira m'khitchini, akupala makoko a mumphika. Chakudya chisayambe iye asanakhale pansi.

Mawu a pa mphasa

Chakudya chokoma chikhoza kuwawa chifukwa cha mawu. M'makomo ambiri nthawi ya nsima ndiyo nthawi ya milandu, pakuti ndi pamene onse apezeka: ndani anasiya mbuzi kuti zilowe m'dimba, chifukwa chiyani masamu walephera, ndalama ya chigayo inapita kuti. Mwana amene akuyembekezera kukalipiridwa amameza mothamanga kuti athawe, ndipo m'kupita kwa nthawi amaphunzira kudyera kwina. Milandu ili ndi nthawi yake, mbale zitachotsedwa ndipo mitima itakhala pansi. Mlendo sitimuimba mlandu ali ndi mbamu m'dzanja, ndipo mwana wathu ayenera ulemu womwewo.

Pemphero lalifupi lothokoza, limene ana amasinthana kupereka, limakhazika onse pansi nthawi imodzi. Foni, wailesi ndi TV zipume kwa theka la ola limenelo. Wophika athokozedwe momveka, ana akumva: "Amayi, ndiwozi zakoma, zikomo kwambiri." Mawu amenewa akayambira kwa bambo, ana amawatola okha. Mwana aliyense afunsidwe za tsiku lake, ndipo amvetseredwe mpaka atamaliza. Okalamba apatsidwe mpata, pakuti funso limodzi lakuti, "Ambuya, kale bowa uyu munkamudziwa bwanji kuti ndi wodyedwa?" likhoza kutsegula nkhokwe ya nzeru imene palibe buku limene linaisunga.

Ife alimi tili ndi mwayi umene a m'tauni ambiri alibe, pakuti chakudya chathu tikudziwa kumene chachokera. Mwana amene wapatsidwa bedi lake m'dimba, akamva atate ake akunena pamaso pa onse kuti, "Matimati tikudyawa ndi a m'bedi la mwana wangayu," amadya ndiwo zimene kale ankazikana, ndipo m'mawa amadzuka yekha kukathirira. Timadandaula kuti achinyamata akuthawa ulimi, koma ambiri a iwo amangodziwa thukuta lake, kukoma kwake sanakulawe.

Pamene nkhokwe yatsika

Sitikulemba ngati anthu osadziwa njala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha nyengo imeneyo chinali tsoka la dziko lonse, ndipo tonse tikukumbukira minda imene chimanga chinauma chisanabereke. M'makomo ambiri moto unkayaka kamodzi patsiku. Munthu angaganize kuti m'nyengo yotere nkhani ya mphasa yoyera ndi mawu okoma ndi yachabe. Ife tinaona zosiyana. Chakudya chikachepa, m'pamene kagawidwe kachilungamo kamafunika koposa, chifukwa pa kulimbirana wamphamvu ndiye amadya. Banja likakhala pansi pamodzi, aliyense n'kuona kuti chochepacho chagawidwa moyenera, ana amapirira popanda kuganiza kuti wina akudya mobisa.

Chaka chimenecho chinatiphunzitsanso kuti khomo lodalira chimanga chokha ndilo limayamba kugwa. Amene anali ndi chinangwa, mapira, mawere, khobwe, mbatata ndi dimba anali ndi chophika pamene ena analibe. Tisadikire chilala kuti ana athu alawe nsima ya mapira kapena ya chinangwa. Ikamaoneka pa mphasa kamodzi pa mlungu m'chaka chabwino, yophikidwa mosamala ndi ndiwo zoyenera, sidzaoneka ngati chakudya cha umphawi m'chaka choipa.

Malo a munthu mmodzi

Banja limene limadzichereza lokha silivutika mlendo akafika. Pabwalo m'posesa kale, mbale n'zoyera kale, ndiwo zilipo ziwiri, ndipo chotsala n'kungofutukula mphasa ndi kunena kuti, "Fikani, sambani m'manja tidye." Wophika akamathira ufa mumphika, aonjezere dzanja limodzi la munthu amene sitikumudziwa. Akapanda kubwera, mtandawo udzakhala mkute wa mwana wopita kusukulu m'mawa. Akabwera, mwina adzakhala mayi wamasiye woyandikana nafe, mwana wa mnansi amene kwawo sikunafuke utsi, kapena wapaulendo amene basi yamusiya. Kupatsa n'kuika, anatero akuluakulu, ndipo ana amene akula akuona malo amenewo pa mphasa adzawasunganso m'nyumba zawo.

Zonse zimene tafotokozazi sizingayambe tsiku limodzi, ndipo sitikupempha zimenezo. Sankhani Lachiwiri likubwerali. Gwirizanani nthawi, sesani pamalo, tsitsani mbale zija, phikani ndiwo ziwiri za m'munda mwanu, yambani kupakulira wamng'ono, ndipo wophika akhale pansi. Mukatero onani nkhope za ana, kenaka muganize za Lachitatu.

Masika akubwerawa tidzayendanso m'makomo monga mwa chizolowezi, ndipo tili ndi pempho limodzi. Nkhuku ija muisiye iziikira mazira a ana. Tiphikireni nkhwani wotendera ndi nyemba, muyale mphasa yaikulu, ndipo ana onse, ndi wamng'ono yemwe, adzakhale nafe pomwepo.